Kuyamba Kugulitsa Malonda pa Intaneti mwa Njira ya Okushoni

M'madera a Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri muli anthu ambiri amene moyo wawo umadalira geni ndi ntchito zamanja. Muli akalipentala, osoka zovala, osula ndowa ndi mbaula, amayi ogulitsa kaunjika, ndiponso achinyamata okonza mafoni. Onsewa ali ndi vuto limodzi lofanana: ogula awo ndi okhawo amene amadutsa pamene iwo ayala malonda. Tebulo labwino likhoza kutha mwezi wathunthu lili m'mbali mwa msewu ku Ndirande, likupsa ndi dzuwa ndi kuvumbwa ndi mvula, pamene ku Chirimba kapena ku Namiwawa kuli munthu amene akufunafuna tebulo lotero koma sakudziwa kumene angalipeze.

Foni yolumikizika ku intaneti yafupikitsa mtunda umenewu. Komabe msika wa pa intaneti uli ndi misampha yake, ndipo munthu wolowamo mosakonzeka akhoza kutaya mpamba wonse tsiku limodzi, mwinanso ndalamazo adachita kukongola ku banki m'khonde. Phunziro lino likufotokoza momwe malonda opikisana mitengo amayendera pa intaneti, zimene wogulitsa watsopano ayenera kukonza asanayambe, ndiponso momwe angatetezere katundu wake, ndalama zake ndi mbiri yake.

Kodi okushoni ndi chiyani?

Mawu akuti okushoni si achilendo kwa anthu a ku Blantyre. Msika wa fodya wa ku Limbe udayamba kugulitsa mwa njira imeneyi mu 1938, ndipo tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje nayenso amagulitsidwa pa okushoni ku Limbe komweko. Njirayi imaima pa mfundo zitatu. Katundu amaonetsedwa poyera kuti aliyense amuone. Ogula amapikisana potchula mitengo, wina pamwamba pa mnzake. Nthawi yotseka ikakwana, amene watchula mtengo wokwera kuposa onse ndiye amatenga katunduyo.

Njira yomweyi idalowanso pa intaneti, ndipo mu Seputembala 1995 Pierre Omidyar adatsegula tsamba lotchedwa AuctionWeb ku California m'dziko la America. Tsambali ndilo lidasanduka msika wa eBay. Chimodzi mwa zinthu zoyamba kugulitsidwa kumeneko chidali kachipangizo kolozera zinthu ndi kuwala, kamene kadali kowonongeka, ndipo kadagulidwa pa mtengo wa madola 14.83. Wogulitsayo sadabise kuti kachipangizoko nkowonongeka, ndipo wogula adalipira akudziwa chimene akugula. Ku South Africa, msika wotere wotchedwa bidorbuy udayamba mu 1999, ndipo mu 2023 udasintha dzina n'kukhala Bob Shop.

Pa misika ikuluikulu ngati imeneyi, wogulitsa amatsegula akaunti, amaika chithunzi ndi mtengo woyambira, ndipo kampani yoyendetsa msikawo imadulako gawo la ndalama katundu akagulidwa. Malonda akatha, wogula amalemba ndemanga yonena ngati wogulitsayo adasunga pangano, ndipo ndemangayo imakhala poonekera kwa ogula ena onse. Kwa munthu amene akungoyamba kumene ku Blantyre, misika ya kunjayi ili ndi zovuta ziwiri: kutumiza katundu kunja kwa dziko kumadula, ndipo kulandira ndalama zakunja kumafuna akaunti ya kubanki ndi kutsata malamulo a Reserve Bank of Malawi. Chifukwa cha ichi, poyambira pabwino ndi pamsika wapafupi: magulu a zogulitsa a pa Facebook ndi pa WhatsApp, m'mene anthu a mumzinda uno amaonetsa kale zovala, mipando, mafoni, nkhuku ndi ziwiya za m'nyumba.

Pali kusiyana kumodzi kofunika kukumvetsa. Pa eBay kapena pa Bob Shop pali kampani yoima pakati pa wogulitsa ndi wogula, ndipo mkangano ukabuka pali kokadandaula. M'gulu la WhatsApp mulibe mkhalapakati wotere. Wogulitsa amakhala yekha woitanira malonda, mlembi, msungichuma ndi mlonda. Ntchito zonsezi ayenera kuzidziwa asanaike chithunzi choyamba.

Zofunika kukonza asanayambe

Choyamba ndi nambala ya foni yolembetsedwa m'dzina la mwiniwake. Kuyambira mu 2018 nambala iliyonse ya foni m'dziko lino imayenera kulembetsedwa, ndipo chiphaso cha unzika chochokera ku National Registration Bureau ndicho chimagwira ntchito imeneyi. Wogula akamatumiza ndalama amaona dzina la mwini nambala. Ngati tsamba la malonda lili ndi dzina lina, ndipo pa foni pakutuluka dzina linanso, wogula wanzeru amabwerera m'mbuyo. Kubwereka nambala ya mchimwene kapena ya mnzako wa pamsika pochita malonda ndi kudzikonzera milandu.

Chachiwiri ndi njira yolandirira ndalama. Airtel Money idayamba m'dziko lino mu 2012 ndipo TNM Mpamba idatsatira mu 2013. Popeza ogula ena ali pa Airtel pamene ena ali pa TNM, wogulitsa amene ali ndi njira zonse ziwiri sabweza wogula. Malonda akakula, akaunti ya kubanki imathandiza kusunga ndalama za geni padera, kuti zisasakanikirane ndi za ndiwo.

Chachitatu ndi kope lolembamo. M'kopemo mumalembedwa katundu aliyense, ndalama zimene wadya, tsiku limene waikidwa pamsika, mtengo umene wagulidwa, ndi dzina la wogula. Foni ikhoza kubedwa m'minibasi kapena kugwera m'madzi, koma kope lotsala kunyumba limasunga mbiri yonse ya malondawo.

Chachinayi ndi kuphunzira msika asanalowemo. Ndi bwino kutha sabata imodzi kapena ziwiri munthu akungoona momwe ena akugulitsira: katundu amene amathamangiridwa, mitengo imene ogula amafikapo, nthawi imene anthu amayankha kwambiri, ndi malamulo a woyang'anira gululo. Magulu ena salola okushoni, ena amafuna kuti wogulitsa ayambe wadziwika kwa woyang'anira. Safunsa adadya phula. Amene sadazolowere foni yamakono asachite manyazi kupempha mwana wake kapena wachinyamata wa m'deralo kuti amuphunzitse, koma nambala yachinsinsi ya ndalama ikhale ya iye yekha.

Katundu woyenera okushoni

Si katundu aliyense amene amayenera kupikisanitsa mitengo. Sopo, shuga, mafuta ophikira ndi zina zimene mtengo wake umadziwika pa okala iliyonse sizingakwere mtengo chifukwa cha mpikisano, pakuti wogula akhoza kuzipeza pafupi ndi kwawo. Okushoni imakomera chinthu chimene chilipo chimodzi kapena zochepa, ndipo anthu angapo akuchifuna. Zitsanzo zake ndi jekete kapena nsapato zabwino kwambiri zotuluka m'belo la kaunjika, mpando wosemedwa mwaluso, makina osokera ogwiritsidwapo kale ntchito, njinga, kapena mbuzi pa nyengo ya Khirisimasi ndi ya Eid. Katundu wamba ndi bwino kumuika pa mtengo umodzi wokhazikika.

Wogulitsa watsopano ayambe ndi zinthu zochepa ndi zotsika mtengo, zimene ngakhale malonda atalakwika sizingagwetse banja. Ayambenso ndi katundu amene amamudziwa bwino. Mayi amene wagulitsa kaunjika kwa zaka zambiri pamsika wa Zingwangwa amazindikira nsalu yolimba pongoikhudza, koma akhoza kupusitsidwa mosavuta ndi foni yooneka yatsopano imene mkati mwake ndi yakufa.

Pali katundu amene sayenera kuikidwa pamsika konse. Kulandira kapena kugulitsa chinthu chakuba ndi mlandu, ndipo mafoni, malaputopu ndi mawailesi akanema otsika mtengo mokayikitsa amafuna kusamala kwambiri. Wogula zinthu zotere kuti akagulitse afunse lisiti, alembe dzina ndi nambala ya chiphaso cha amene wamugulitsa. Mankhwala a kuchipatala amagulitsidwa ndi okhawo amene ali ndi chilolezo cha bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Makala opanda chilolezo ndi oletsedwa ndi malamulo a zankhalango. Minyanga ya njovu ndi ziwalo za nyama zotetezedwa zikhoza kupereka munthu kundende kwa zaka zofika 30, malinga ndi lamulo la zanyama zakutchire monga momwe lidakonzedwera mu 2017.

Chithunzi ndi mawu ofotokozera

Pamsika wa Limbe wogula amanyamula chinthu, kuchitembenuza, kuchiyesa. Pa intaneti maso ake ndi chithunzi basi. Chithunzi chabwino chimajambulidwa masana, panja koma pamthunzi, katundu ali pamalo oyera, kumbuyo kwake kuli khoma kapena nsalu ya mtundu umodzi. Pamafunika zithunzi zingapo: kutsogolo, kumbuyo, m'mbali, ndi pamalo pamene pali chilema. Kutenga chithunzi cha pa intaneti n'kumanena kuti ndicho katunduyo ndi chinyengo, ngakhale zinthuzo zitafanana motani.

Mawu ofotokozera akhale achidule koma okwanira: dzina la chinthu, kukula kwake, mtundu wa mtengo kapena nsalu, ngati ndi chatsopano kapena chogwiritsidwapo kale ntchito, chilema chilichonse, ndi dera limene chili. Kalipentala anene ngati tebulo ndi la mkungudza, la bulugama kapena la paini, ndipo atchule muyeso wake. Wogulitsa nsapato atchule saizi, anenenso ngati chidendene chadyeka. Kubisa chilema kumabweretsa ndalama tsiku limodzi lokha. Wogula akazindikira kuti chidali chikomekome cha mkuyu, amalemba dandaulo lake m'gulu lomwelo, pamaso pa anthu mazana amene akadakhala ogula a mawa.

Kuwerengera mtengo

Cholakwa chachikulu cha ogulitsa atsopano ndi kuyambira pa mtengo wotsika kwambiri poganiza kuti mpikisano udzaukweza. Mpikisano umakweza mtengo pokhapokha ogula ali ambiri. Munthu amene sadadziwike akhoza kupeza wogula mmodzi yekha, ndipo pangano la okushoni limamukakamiza kupereka katunduyo pa mtengo umene watchulidwa.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Kalipentala wapanga tebulo. Matabwa adagula K45,000, misomali, guluu ndi vanishi zidadya K15,000, kunyamula matabwa kudadya K5,000, bandulo ya intaneti ndi ndalama yodulidwa potapa kwa ajenti zikukwana K5,000, ndipo thukuta lake waliwerengera K20,000. Zonse pamodzi ndi K90,000. Uwu ndiwo mtengo umene sayenera kutsikapo. Akayambira pa K50,000 ndipo wogula mmodzi yekha atchula K55,000, iye wataya K35,000. Koma akayambira pa K90,000, ndi lamulo lakuti aliyense wopikisana awonjezere K5,000 kapena kuposerapo, ndiye kuti ogula atatu akhoza kulifikitsa pa K105,000. Ngakhale patapezeka wogula mmodzi yekha, mpamba ndi thukuta lake zabwerera.

Powerengera, wogulitsa aganizirenso mtengo umene akapikulire katundu wina. Pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zochokera kunja idakwera mwadzidzidzi, ndipo amene adagulitsa pa mitengo yakale adapeza kuti ndalama zawo sizikukwananso kupikula katundu wofanana ndi amene adali naye. Phindu lenileni ndi limene latsala munthu atapikulanso.

Kuyendetsa mpikisano

Malamulo a okushoni alembedwe pansi pa chithunzi mpikisano usanayambe, ndipo asasinthidwe pakati pa njira. Atchule mtengo woyambira, ndalama yowonjezera, tsiku ndi ola lotseka, nthawi imene wopambana ayenera kulipira, ndi amene adzalipire mayendedwe a katundu. Mitengo yonse itchulidwe poyera m'gulumo. Wogulitsa akayamba kulandira mitengo kumbali, ogula ena amataya chikhulupiriro.

Nthawi yotseka isankhidwe mwanzeru. Madzulo anthu ataweruka ku ntchito, kapena kumapeto kwa mwezi malipiro atalowa, ogula amachuluka kusiyana ndi Lolemba m'mawa pakati pa mwezi. Popeza magetsi amathima, foni ikhale ndi moto wokwanira ola lotsekalo lisanafike. Ola likakwana, wogulitsa alengeze wopambana ndi mtengo wake poyera. Ngati wopambanayo salipira m'nthawi yoikika, mwayi upite kwa amene adamutsatira, ndipo izinso zikhale zitalembedwa m'malamulo.

Pali chizolowezi china choipa, chotuma mnzako kapena m'bale kuti azitchula mitengo yabodza pofuna kukweza mtengo. Misika ikuluikulu ngati eBay imaletsa khalidweli ndipo imalanga olichita. M'madera momwe anthu amadziwana, chinyengo chotere sichichedwa kuululika, ndipo amene wagwidwa nacho sapezanso wopikisana pa malonda ake.

Kulandira ndalama popanda kuberedwa

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Akuba a pa foni ali ndi njira zingapo zodziwika. Ena amatumiza uthenga wopeka, wooneka ngati wochokera ku kampani ya foni, wonena kuti ndalama zalowa. Ena amatumiza chithunzi cha lisiti la kubanki losinthidwa. Ena amaimba foni akudandaula kuti atumiza ndalama zopitirira mwangozi, n'kupempha kuti zotsalazo zibwezedwe msanga, chikhalirecho sadatumize kalikonse. Enanso amadzitcha antchito a kampani ya foni, n'kufunsa nambala yachinsinsi ponamizira kukonza akaunti.

Chitetezo chake n'chimodzi: katundu asachoke m'manja ndalama zisanaoneke mu akaunti. Wogulitsa aone yekha ndalama zimene zilimo, poimba *211# pa Airtel Money kapena *444# pa TNM Mpamba, kapena pofunsa ku banki yake. Uthenga ndi chithunzi si ndalama. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Nambala yachinsinsi siiperekedwa kwa munthu aliyense, ngakhale wodzitcha bwana wa kampani. Wogula amene akufulumizitsa zinthu mopitirira muyeso, kunena kuti galimoto ikunyamuka tsopano lino, ndiye woyenera kumukayikira kwambiri.

Wogulanso ali ndi mantha ake, pakuti alipo ogulitsa amene amalandira ndalama n'kuzimitsa foni. Pa katundu wodula, njira yokomera onse ndi yakuti wogula apereke kachigawo kochepa ka chikole, ndipo zotsalazo amalize ataona katunduyo ndi maso.

Chinyengo chikachitika, wogulitsa asafafanize uthenga uliwonse. Adziwitse kampani ya foni nthawi yomweyo, ndipo akanene kupolisi yapafupi, monga ya Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Soche kapena South Lunzu. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limazindikira mauthenga a pa foni ndi pa kompyuta ngati umboni. Madandaulo okhudza makampani a mafoni amapita ku bungwe la MACRA, pamene wogula amene wachitiridwa zosalungama pa malonda akhoza kudandaula ku Competition and Fair Trading Commission.

Kupereka katundu

Kukumana ndi wogula wosadziwika kuchitike masana, pamalo podzaza anthu, monga pamsika, pa Ginnery Corner, ku Chichiri kapena pafupi ndi polisi. Si nzeru kuitanira mlendo kunyumba kumene kuli katundu yense, kapena kumutsatira kumalo kumene iye wasankha usiku. Amayi ndi atsikana apite ndi wowaperekeza, ndipo a kunyumba adziwe kumene apita.

Mkati mwa mzinda, ambiri amatumiza katundu pa njinga yamoto ya kabaza. Ndi bwino kukhala ndi wakabaza mmodzi kapena awiri odziwika, amene siteji yawo ndi kwawo zikudziwika. Katundu wopita ku Zomba, Lilongwe kapena Mzuzu adutse ku positi ofesi kapena ku kampani yonyamula katundu imene imapereka lisiti. Wogulitsa ajambule katunduyo asanamumange ndiponso atamumanga, atumize chithunzi cha lisitilo kwa wogula, ndipo asunge lisiti lenilenilo mpaka katundu atafika.

Malonda akayamba kukula

Geni ya pa intaneti ndi bizinesi monga ina iliyonse. Ikakhazikika, mwiniwake ailembetse motsata lamulo la Business Registration Act la 2012, atenge nambala ya msonkho ku Malawi Revenue Authority, imene likulu lake lili ku Msonkho House mumzinda uno, ndipo afunse ku khonsolo za chiphaso chochitira malonda. Mapepala amenewa ndi amene amatsegula khomo la ngongole ya kubanki ndi la maoda ochokera ku masukulu, mipingo ndi mabungwe, amene kawirikawiri sagula kwa munthu wopanda zikalata.

Chuma chachikulu cha wogulitsa wa pa intaneti ndi mbiri yake. Imamangidwa ndi zinthu zazing'ono: kuyankha mafunso mwaulemu, kufika pa nthawi imene walonjeza, kubweza ndalama ngati cholakwa chili chake, ndi kupempha wogula wokhutira kuti anenepo mawu m'gulu. Amisiri a dera limodzi akhozanso kugwirizana n'kutsegula gulu lawo, lokhala ndi malamulo olembedwa ndi woyang'anira wosankhidwa, kuti wogula adziwe kuti wogulitsa aliyense m'gulumo ndi wodziwika kwa anzake ndi kwa mfumu ya m'deralo. Makomiti a chitukuko a m'mawadi, magulu a banki m'khonde ndi makalabu a achinyamata ali ndi mwayi woyambitsa ntchito yotere, popeza mamembala awo amakumana kale sabata ndi sabata.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi ndi katundu uti wopangidwa kapena wogulitsidwa m'wadi muno amene angayenere okushoni, ndipo ndi uti amene angayenere mtengo wokhazikika?

2. Kodi wogulitsa ayenera kuwerengera zinthu ziti asanatchule mtengo woyambira?

3. Wogula watumiza chithunzi chosonyeza kuti walipira, ndipo wakabaza wake wafika kale pakhomo. Kodi wogulitsa achite chiyani asanapereke katundu?

4. Kodi ndi malo ati m'dera lino amene ali otetezeka kukumanirapo ndi wogula wosadziwika?

5. Ngati amisiri ndi ageni a m'wadi muno atatsegula gulu limodzi la malonda, kodi malamulo ake asanu oyamba angakhale otani, ndipo angaliyang'anire ndani?